Maenvulopu Atatu Amene Sindinawaone

Kampani imene ndinkagwirako ntchito inkagula mtedza, nyemba ndi soya kwa alimi, ndipo ine ndinali kalaliki wa pa sikelo. Nyengo yogula ikafika tinkakwera lole ku depoti ya ku Kanengo n'kukatsitsidwa ku Mchinji kapena ku Dowa, kumene tinkagona pa matumba masabata atatu, mwina mwezi wathunthu. A mu ofesi ankatitchula kuti "a kutchire". Malipiro sitinkalandirira ku depotiko ayi. Ankaperekedwa ku ofesi ina ya m'tauni, pa kazenera ka zitsulo, ndipo popeza mwezi unkatha ife tili kutali, aliyense ankalemba kalata yotchula munthu womulandirira. Ambiri tinalemba akazi athu. Tsiku lolandira pa zenera paja pankakhala mzere wa amayi obereka ana kumbuyo, ngati ku chipatala tsiku la katemera.

Inenso kalata yanga inali m'kabati ya akalaliki a malipiro, mkulu wina wa imvi wa ku Rumphi, amene ankatchula mwamuna aliyense kuti "adada", ngakhale mlonda wa pa geti. Koma ndikakhala m'tauni sindinkalola kuti wina andilandirire. Ndinkafika pa zenera mkuluyo asanavule n'komwe jekete. Ndalama yanga ndinkafuna ndiyambe ndine kuigwira, ndipo akazi anga ankadziwa bwino zimenezo.

Ine ndinabadwa ndi mtima wapachala, zimenezo sindibisa. Chaka chimenecho matipate anali atangolowa kumene, ndipo mitengo ya zinthu inkakwera sabata ndi sabata. Ndinabwerako kutchire kumayambiriro kwa Juni n'kupeza envulopu ya mwezi wa Meyi itaperewera. Akazi anga anali atatapako n'kutumiza ku Mulanje kwa amayi awo, amene ankadwala. Sizinali zambiri. Koma ine ndinawerenga kawiri pa tebulo, mokweza, kenako ndinati, "Inu ntchito yanu m'nyumba muno ndi kudya thukuta langa basi." M'mawa mwake ndinapita ku depoti, ndipo pobwera ndinapeza chingwe chopachikapo zovala chili chokhachokha. Anali atatenga mwana wathu wamkazi, wa zaka ziwiri, n'kupita kwa akulu awo ku Chinsapo.

Kukanakhala kwathu, nkhani yotere ankhoswe akanaikhalira pansi Loweruka lomwelo. Koma ankhoswe athu anali ku Mulanje, ndipo ndani akanawalipirira basi? Choncho nkhaniyo inangokhala yopachika, ine ndikudikira kuti iwo abwerere okha, iwo akudikira kuti ine ndikapepese.

Mkwiyo wa kunyumba ndinapita nawo ku ntchito. Patangopita masiku anayi, bwana wa depoti, amene anali watsopano, anandinena pamaso pa onyamula matumba kuti sikelo yanga ikudya makilo. Ndinaponya buku la malisiti pansi, ndinang'amba pepala, n'kulemba kalata yosiya ntchito nditatsamira boneti ya lole. Ndinaonjezerapo mawu ena apakamwa amene sindingawalembe pano. Bwanayo anapinda kalatayo, anaiika m'thumba la malaya, n'kunena kuti, "Pitani. Za ndalama zanu zomaliza adzakuitanani." Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ine ndinasiya mlomo konse kuwiri, kunyumba ndi ku Kanengo, m'sabata imodzi yokha.

Ku ntchito sindinauze aliyense kuti akazi anga achoka. Ku Chinsapo sindinatumize mawu oti ntchito yatha. Manyazi anandimanga pakamwa mbali zonse ziwiri.

Ndinkakhala ku Mgona, m'chipinda chimodzi cha mdadada, khomo lachitatu kuchokera ku bafa. Chipinda chimene kale tinkapondana mapazi chinayamba kundikulira. M'mawa uliwonse ndinkasita malaya, ndinkavala, n'kutuluka limodzi ndi anthu opita ku mafakitale, kuti alandilodi asayambe mafunso. Ndinkayenda nawo mpaka pa mageti, iwo n'kulowa, ine n'kutsala kunja ndi anzanga ofuna ganyu. Tsiku labwino tinkatsitsa feteleza kapena mabelo a fodya, ndipo malaya aja ndinkawavula n'kuwapinda bwinobwino pa mwala. Tsiku loipa ndinkakhala pansi pa bulugamu mpaka dzuwa litapendeka, ndikutafuna nzimbe. Lamulungu ndiye linali lovuta koposa. Mdadada wonse unkapita ku tchalitchi, n'kutsala ine ndi nkhuku za alandilodi. Panali masiku ena oti ndinkazindikira madzulo kuti chidzukire sindinayankhule ndi munthu, mwakuti ndinkakhosomola dala kuti ndimve ngati mawu akadalipo. Ndinkawasowa kwambiri anthu awiri aja. Koma kupita ku Chinsapo chimanjamanja, wopanda ntchito, kukaima pamaso pa alamu anga amene chiyambire sankandiwerengera, ndinkaona ngati bola njala.

Kuitanidwa kuja sikunabwere, ndipo inenso sindinapite kukafunsa. Ndinkati akandifuna akudziwa kumene ndimakhala. Palibe amene anandifuna.

Mu Sepitembala mnzanga wina wa pa ganyu, amene kale anali mesenjala, anandiuza kuti munthu ukagwira ntchito miyezi yochepa pa chaka, msonkho umene anakudula umakhala wopitirira, ndipo amakubwezera. "Ingokatengani pepala la malipiro ku kampani kwanu, mupite nalo ku msonkho," anatero. "Ndi dola yanu imeneyo, aise, musaisiyire boma." Lendi inali itandifika m'khosi. Ndinameza malovu n'kupita ku ofesi ya m'tauni ija, ndipo ndinasankha nthawi ya nkhomaliro kuti ndisakumane ndi ondidziwa. Mayi wa pa taipi anatsegula buku, anakopera manambala, anadinda chidindo, n'kundipatsa pepalalo litapindidwa. Sindinaliwerenge. Ndinkangofuna kutuluka.

M'mawa mwake ndinakhala pa benchi ya ku ofesi ya msonkho mpaka matako atauma. Amene anandithandiza anali mayi wina wa magalasi, wosachedwa kuseka. Ndinawafotokozera kuti ntchito ndinasiya mu Juni ndipo ndabwera kudzafunsa za msonkho wopitirira. Anayang'ana pepala, anandiyang'ana ine, anayang'ananso pepala.

"Abambo, mwatsanzika kwa abwana anu kuti mubwere kuno?"

"Ndati ntchito ndinasiya."

"Pepalali likuti muli pa ntchito mpaka lero. Juni munalandira, Julayi munalandira, Ogasiti munalandira, ndipo msonkho anadula miyezi yonseyo. Ntchito yoti supitako koma ukulandira, ikakhala ndi malo ena mundiuzeko inenso."

Ine sindinaseke nawo. Ndinakweza mawu mpaka a pa benchi anatembenuka. Ndinati pali wina amene akudya m'dzina langa, ndipo aona polekera. Mayiwo anadikira kuti ndimalize, kenako anati iwo amangotsata zimene kampani yalemba. Ndipite ndikakonze komweko, ndibwere ndi kalata yonena tsiku lenileni limene ndinasiyira ntchito. Ndinatuluka nditakwiya, koma ndinene zoona, mumtima ndinakondwa pang'ono. Miyezi itatu yonse wolakwa ndinali ine ndekha, ndipo tsopano ndinali nditapeza wakuba woti ndimukalipire.

Ulendo uno sindinabisale. Ndinalowa mu ofesi ya akauntanti osagogoda, n'kuwaponyera pepala lija pa desiki. Akauntantiwo anali munthu wodekha, wa tayi yopyapyala. Anandimvetsera, anaimba foni ku depoti, anadikira nthawi yaitali foniyo ili kukhutu, ndipo nkhani inatuluka. Kalata yanga yosiya ntchito ija sinafike m'tauni. Bwana wa depoti anaiponya mu dirowa n'kuiiwala, pa sikelo n'kuikapo munthu wina. Ife a kutchire ku ofesi sitinkaoneka kale, choncho kusowa kwanga palibe amene kunamudabwitsa. Dzina langa linakhalabe m'buku, ndipo mwezi uliwonse envulopu inkakonzedwa.

"Ndiye wakhala akulandira ndani?" ndinafunsa. "Muitaneni, ndimuone nkhope."

Akauntanti anaitana akalaliki a malipiro. Mkulu uja analowa atakumbatira buku lalikulu losainira, ndipo atandiona anamwetulira.

"Adada, mwabwerako kutchire? Amama akumabwera bwinobwino, sanaphonyepo."

Anatsegula bukulo n'kuliika patsogolo panga. Pa mzere wa dzina langa, katatu, panali dzanja limene ndinkalidziwa, la akazi anga, zilembo zozungulira zolembedwa pang'onopang'ono, za munthu amene sukulu analekera panjira koma sankafuna kudinda chala. Ndinakhala pa mpando osauzidwa.

"Kalata yoti amama azikulandirirani munalemba nokha," anatero mkuluyo mwaulemu, atamva zonse. "Simunabwere kudzaichotsa."

Akauntanti anandiikira njira ziwiri. Yoyamba inali yoti ndisaine kuti ndalamazo zinafika pa banja langa. Zikatero adzazidula pa ndalama zanga zomaliza, za masiku a tchuthi ndi zimene ankandisungira, kenako adzalembera a msonkho tsiku loona. Yachiwiri inali yoti ndilembe kuti sindinalandire ndipo sindinatume munthu. "Mukatero nkhani ichoka m'manja mwathu," anatero. "Ipita ku polisi, ndipo wosainayo akayankha yekha." Ndinasaina yoyamba nthawi yomweyo. Musandiyese munthu wabwino chifukwa cha zimenezo, palibe mwamuna akanasankha yachiwiri. Atadula, zotsala zinangokwana lendi ya mwezi umodzi ndi botolo la palafini. Za msonkho zija zinadzatuluka chaka chotsatira, zokwana thumba la makala.

Mkulu uja anandiperekeza mpaka pa geti, buku lili m'khwapa.

"Adada, dzina lanu ndilifufuta lero. Mwezi ukutha Lachisanu la sabata yamawa, ndipo amama adzabwera monga mwa nthawi zonse. Kodi simunawauze kuti ntchito munasiya?"

Pamenepo ndinamuuza kuti akazi anga anachoka kunyumba mu Juni. Anali munthu woyamba kumva zimenezo kuchokera pakamwa panga.

"N'chifukwa chake amabwera madzulo," anatero. "Tsiku loyamba lija anandifunsa kawiri ngati inu simunabwere kale. Pitani mukawauze nokha, adada. Asadzamvere pa zenera, pamaso pa anzawo."

Lamulungu ndinasita malaya, ndinagula buledi ndi paketi ya shuga, n'kukwera minibasi ya m'tauni, kenako ina ya msewu wa ku Likuni. Njira yonse ndinkayeseza mawu. Sanali ambiri: ntchito inatha mu Juni, ndalama zija zinali zolakwika, Lachisanu musapite. Ndinawabwereza mpaka anafewa ngati nyemba.

Nyumba ya alamu anga inali ya zidina, kumapeto kwa kanjira, pafupi ndi madimba a mpiru. Ndinkayembekezera nkhope yokwinya. M'malo mwake alamu anataya tsache n'kundithamangira.

"Alamu! Takulandirani! Abwera, abwera, tulukani kuno!"

Ananditulutsira mpando, umodzi wokhawo wa pakhomopo, n'kuupukuta ndi chitenje. Mwana wanga anasuzumira pakhomo, anandiyang'ana ngati mlendo, n'kubisala. Anali atavala nsapato zatsopano zofiira. Kenako akazi anga anatuluka, anagwada chapatali n'kundipatsa moni, maso ali pansi, koma pakamwa pakufuna kumwetulira. Anandipatsa tiyi wamkaka ndi mbatata. Chichokere iwo kunyumba ndinali ndisanamwepo tiyi wamkaka.

"Ife tinkakuyesani chitsa," anatero alamu, akuseka. "Kani ndinu munthu. Amuna a kuno mkazi akachoka amasangalala kuti malipiro adya okha. Inu envulopu yonse, osaitsegula n'komwe! Ndawauza amuna anga kuti akaphunzire ku Mgona."

Ndinaseka nawo, tiyi akundiotcha lilime. Ndinadziuza kuti ndiyankhula alamu akachoka.

Alamu anachokadi, anati akupita ku dimba. Akazi anga anasendera pafupi, anakhala pa mphasa, akuthothola kaudzu m'mphepete mwake.

"Tsiku loyamba ndinapita ndi mantha," anatero. "Mwana anali ndi chifuwa, ndipo pakhomo pano panalibe ndi tambala yomwe. Ndinati ndikangoyesa. Ndinadikira mpaka madzulo kuti inu muyambe mwatenga, monga mumachitira. Atandipatsa envulopu yomata, ndinakakhala kuseri kwa ofesi n'kulira. Ndinati abambo awa pakamwa sangathe kupepesa, koma apepesa."

Ndinayang'ana m'kapu.

"Mwezi wachiwiri ndinati mwina anachedwa kutchire. Wachitatu ndinadziwa kuti ayi, akundisiyira dala. Nanga inuyo mwakhala mukudya chiyani? Taonani mmene mwaondera."

"Maalawansi a kutchire," ndinatero.

Bodza linatuluka lokha, losalala, ngati linkadikira pakhomo. Ndipo litatuluka, mawu anga aja analibenso polowera.

Anandilowetsa m'nyumba kukandionetsa zimene anagula: matumba awiri a chimanga, bulangete, poto wamkulu, ndi malaya aamuna a buluu akadali m'pepala lake. Anati ankadikira kuti ndibwere ndekha, malayawo sakanawatumiza. Ndinawayesa pomwepo, ndipo anandikwana. Zaka zonse zimene tinakhala limodzi sanandiyang'anepo mmene anandiyang'anira tsiku limenelo. Ndinkadziwa kuti ulemu umenewo si wanga, koma ndinali ndi ludzu, ndipo ndinamwa.

"Ndikalandira ya mwezi uno Lachisanu, ndilipira galimoto yonyamula matumbawa," anatero. "Loweruka tibwera kunyumba, ngati mukutifuna."

"Ndikukufunani," ndinatero, ndipo amenewo okha ndi mawu oona amene ndinayankhula tsikulo.

Anandiperekeza mpaka pa siteji. Mwana analola kuti ndimunyamule, ndipo ankandikoka khutu njira yonse. Minibasi itanyamuka ndinawaona akubayibitsa, ine nditavala malaya a buluu.

Lolemba ndinadzuka ndi nzeru yopusa, imene panthawiyo ndinkaiona ngati nzeru zenizeni. Ndinati ndipeze ndalama, ndikapatse akalaliki, aike mu envulopu, akazi anga alandire ngati kale. Akabwera kunyumba, zina ndidzaona. Ndinagulitsa wailesi. Ndinagulitsa simbi yositira ndi nsapato zanga za ukwati. Ndinanyamula feteleza masiku atatu mpaka khungu la paphewa linasupuka. Pofika Lachinayi ndinali ndisanafike ndi theka lomwe, koma ndinapita nazobe.

Mkulu uja anamvetsera mpaka kumapeto. Ndalamazo sanazikhudze.

"Adada, ine ndine mkulu wa mpingo, koma si chifukwa chake ndikukana. Mwezi uno tiwanamiza. Nanga wamawa mugulitsa chiyani? Dzuwa likadalipo, kwerani minibasi mupite ku Chinsapo."

Ndinamukalipira. Ndinati iye ndi buku lake ndi amene anayambitsa zonsezi, ndiye asandiphunzitse za banja. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Mwina ndi choncho, adada." Ndinayenda mpaka ku depoti ya minibasi. Oitanira a ku Chinsapo ankakuwa mbali iyi, a ku Area 25, njira ya ku Mgona, mbali iyo. Ndinaima pakati nthawi yaitali, kenako ndinakwera yopita kwathu.

Lachisanu ndinati ndikawachingamire pa geti, ndiwauze asanalowe. Ndinafika masana n'kuima tsidya lina la msewu, pafupi ndi bambo wina wosoka nsapato. Amayi anayamba kubwera awiriawiri. Cha m'ma fili koloko ndinawaona akazi anga akutsika kuchokera ku mlatho, mwana ali kumbuyo, atavala chitenje chimene ndinali ndisanachionepo. Msewuwo unali waung'ono, wowoloka ndi mapazi khumi, ndipo panalibe galimoto. Koma sindinawoloke. Ndinkati ndidikire afike pa geti, atafika ndinati ndidikire aime pa mzere, ataima ndinati pali anthu ambiri. Ndinawaona akucheza ndi anzawo, akuseka, akuonetsa nsapato za mwana. Mzere unkafupika, ine ndili chiimire, wosoka nsapato akundifunsa ngati ndili ndi chosoketsa.

Atafika pa zenera anaima nthawi yaitali. Kenako zeneralo linatsekedwa, mkulu uja anatuluka, anawatengera pamthunzi kutali ndi mzere, n'kuvula magalasi ake. Sindinkamva kanthu. Ndinangoona akazi anga akumasula chitenje n'kuchimanganso, akumasula n'kuchimanganso, amayi a pa mzere onse atatembenuka. Ndinachokapo iwo asanacheuke. Ine amene ndinkakalipira mabwana ndinathawa mkazi wanga ndi mwana wa zaka ziwiri, ndipo manyazi a tsiku limenelo ndikadali nawo.

Anafika ku Mgona dzuwa lisanalowe. Ndinamva akupatsana moni ndi alandilodi panja, mwaulemu, akufunsana za ana. Kenako anaima pakhomo panga. Ndinawauza kuti alowe, sanalowe. Anayang'ana m'chipindamo, pamene pankakhala wailesi, mbale imodzi pa tebulo, n'kubweza maso kwa ine. Mwana anali atagona kumbuyo.

"Za ntchito ndamva," anatero, motsitsa mawu kuti a makomo ena asamve. "Ntchito imatha, si maliro. Mukanandiuza, tikanadya mbatata limodzi. Zoti Lamulungu munandinamiza, nazonso ndaziika pambali. Ndabwera ndi funso limodzi, mundiyankhe zoona."

"Funsani."

"Pa maenvulopu atatu aja, inalipo ngakhale imodzi imene munkaidziwa?"

Ndikanatha kunena kuti yoyamba ndinkaidziwa. Akanakhulupirira, chifukwa ndinaona m'maso mwawo kuti akufuna kukhulupirira. Anayenda ulendo wonsewo, minibasi ziwiri ndi mwana kumbuyo, kudzapempha kamwezi kamodzi kokha. Koma mabodza anali atandithera.

"Ayi," ndinatero. "Ndinadziwa sabata yatha."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti kuyambira Juni simunabwere, simunatumize mawu, simunafunse ngati mwana ali moyo. Ine kumauza Chinsapo yonse kuti amuna anga akundikumbukira, kani amene ankandikumbukira ndi buku la kampani."

"Ndinkakusowani tsiku lililonse," ndinatero. "Ndiponso ndinasaina kuti asakutengereni ku polisi. Ndalama zanga zonse zathera pomwepo."

"Zikomo," anatero.

Mawuwo anawanena ngati mmene umathokozera munthu amene wakupatsa njira pa msika. Mwana anadzuka, anandiona, n'kutambasula dzanja kufuna khutu langa. Mayi ake anamukweza bwino, anamangitsa chitenje, n'kutembenuka. Nditafuna kuwatsatira anaima osacheuka.

"Musatiperekeze. Njira tikuidziwa."

Loweruka sanabwere. Ku Chinsapo ndinapitako kawiri, ndipo ankandilandira mwaulemu ngati mlendo wa eni nyumba. Mvula yoyamba isanagwe anatenga mwana ndi matumba awo a chimanga n'kupita ku Mulanje.